Fisi Aweruza Zithunzi za Atsekwe

Ndikulumbira pali manda a atsibweni anga, mphezi indiwombe pompano ngati ndawonjezerapo liwu! Ana inu tcherani makutu, akuluakulu lekani kutsokomola.

Kalekale, Gologolo anali ndi kamera yochokera ku Joni, bokosi la miyendo itatu lokhala ndi nsalu yakuda yofunda kumutu. Ankajambula atsekwe a ku dambo, koma ataima patali, poti ankaopa mapiko awo a minga aja. Zithunzizo ankazipachika pa mkuyu.

Tsiku ndi tsiku Fisi ankabwera kudzaziweruza. Kamera sanaigwirepo chibadwire, koma pakamwa, eee!

"Iwe Gologolo, awa ndi atsekwe kapena manyi a ntchentche? Ichi chapendekeka. Ichi chachuluka thambo. Ichi..." Anasendeza mphuno, dovu kuti chuuu. "Ichi chilibe anapiye. Chithunzi chenicheni chimaonetsa anapiye onona, ndi njira yofikira pomwe agona."

Gologolo analiona dovu lija.

"Mawa undiperekeze pachisa, ndikakuphunzitse luso," anatero Fisi. "Ukakana, ndikuweruza iweyo ndi manowa."

Gologolo anasinkhasinkha. Akana, adyedwa. Alola, anapiye atha.

M'mawa anafika pabango, Gologolo atasenza bokosi. Fisi atafunda nsalu yakuda ija kumutu, Gologolo anati:

"Achimwene, akatswiri ngati inu mukudziwa kale kuti kuwala kukalowa, filimu imapsa. Ndiye nsaluyi timaimanga m'khosi ndi luzi."

"Ukuphunzitsa ndani? Manga zolimba!"

Fisi ankaseka chamumtima kuti nkhope ikabisika, atsekwe samuzindikira. Anaiwala kuti mawanga ali kumbuyo.

Gologolo anamanga. Anamanganso. Kenaka anasolola bokosi lake mwakachetechete, nakwera nalo pachulu.

"Sindikuona kanthu," anatero Fisi m'nsalumo.

"Muli patali, achimwene. Yandikirani."

Matope m'maondo.

"Sindikuonabe!"

"Simunanene nokha kuti chithunzi ndi pafupi? Yandikiraninso."

Matope m'mimba. Fisi anayesa kukoka mwendo, wakana. Winawo, wakananso.

Apo Gologolo anakuwa: "Bambo Tsekwe, Mayi Tsekwe, mwetulirani! A Fisi abwera kudzajambula ana anu pafupi!"

Bango lonse linati wayawaya. Atsekwe makumi awiri, makosi tototo. Phiko ili pha! Phiko ilo pha! Milomo jo! jo! kumchira.

"Mayo! Filimu ipse, ndimasuleni!"

"Musagwedezeke, achimwene, chituluka chosaoneka bwino," anatero Gologolo. Kamera kuti kacha!

Patatha masiku atatu, Fisi anafika pamkuyu akutsimphina. Anapeza nyama zikugubuduzika ndi phwete. Chithunzi chake, abale! Nthenga iliyonse ikuwerengeka, anapiye ali phee kumbuyo kwa amawo, pakatikati chinthu chamawanga chofunda nsalu.

Fisi anachiyang'ana nthawi yaitali, mutu chopendeketsa. Matenda ake anali asanathe.

"Kuyandikira kwake ndiye kulipo. Koma wandidula mchira pachithunzipa."

"Mchira sindinadule ine, achimwene," anayankha Gologolo ali kunsonga kwa nthambi. "Kafunseni atsekwe. Muyandikire ndithu."

N'chifukwa chake mpaka lero kamchira ka Fisi n'kakafupi, ndipo dambo amalilambalala. Mukakumana ndi katswiri wa pakamwa, musatsutsane naye. Mpatseni nsalu, mumange zolimba.

Nthano yanga yapsa pamenepa, aliyense aphule mbatata yake. Zonse ndanenazi n'zoona, kupatula za manda zija. Atsibweni ali moyo, akugulitsa zigege pamsika.