Ramu Yothyoledwa Isanayesedwe

Panali munthu wina wojambula maukwati amene anaganiza zodzilumikizira yekha kompyuta. Zipangizo anagula chimodzichimodzi. Ramu, tizipangizo tija tangati chipeso timene kompyuta imasungamo zomwe ikugwira panthawiyo, anali nazo ziwiri. Ina inali ya m'sitolo, yonyezimira, ya m'bokosi. Inayo inali yakale. Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anachita kuizula m'kompyuta yake n'kumupatsa kuti apeze poyambira.

Kompyuta inayaka bwinobwino. Koma akangoyamba kukonza zithunzi, sikirini inkasanduka ya buluu, makina n'kuzima okha, ntchito yonse n'kutayika.

Njira yopezera vuto lotere ankaidziwa. Umazula ramu imodzi, n'kuyesa yotsalayo payokha, kenako n'kusinthanitsa. Iye sanatero. Anangoyang'ana yakaleyo, mtima n'kumuuza kuti yoipa ndi imeneyi basi. Uchitsiru umenewu umandipsetsa mtima mpaka lero.

Anaitanitsa mlamu wake, mkazi wake ali pomwepo.

"Alamu, mwandiyesa dzala lotayapo zinyalala zanu eti?"

"Kodi mwaiyesa payokha, alamu?" anafunsa mlamuyo modekha.

Wojambula uja anazula ramu yakale ija. Anaithyola pakati, naiponya pamapazi pa mlendoyo. Mlamu anatola zidutswazo, nachoka osatsanzika. Mkazi analowa kuchipinda akulira.

Munthu uja anayatsa kompyuta ili ndi ramu yatsopano yokha. Buluu! Anayatsanso. Buluu! Yowonongeka inali ya m'bokosi ija, inachokera kufakitale ili yakufa kale. Anaimbira foni mlamu wake, koma sinayankhidwe. Anatuma mkazi wake kukapepesa, mkaziyo anati, "Pitani nokha, pakamwa mpanu."

Inu ophunzira anga, musaseke. Ndimakuonani. Kanthu kakalakwika kunyumba kapena kuno kumalo athu a ntchito, mumathamangira kuloza wa malaya akutha, wa suti n'kumusiya. Simufunsa, simuyesa, mumangoweruza ndi maso. Ndi ulesi umenewo, komanso ndi nkhanza. Yesani chilichonse pachokha. Mumvereni munthu aliyense payekha musanatsegule pakamwa panupo.

Ramu yowonongekayo kusitolo anamusinthira tsiku lomwelo, kompyuta n'kumagwira ntchito bwino. Koma mlamu uja sanapondenso pakhomopo, ndipo palibe sitolo imene ikanamupatsa wina.