Kapu Youma ya Mphenzi

Kuseri kwa chipatala chophunzitsira madokotala kunali kachipinda konunkha labala. M'menemo ophunzira opaleshoni ankasoka timapaipi tofewa m'malo mwa mitsempha ya anthu. Munthu akamaliza kusoka, pampu inkakankha madzi ofiira m'kapaipiko, madziwo n'kukagwera m'kapu kumapeto kwa tebulo. Woyang'anira anali namwino wopuma pantchito, amene onse ankangoti Mayi Kapu. Popanda siginecha yawo, wophunzira sankaloledwa kukhudza mtsempha wa munthu ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni.

Mwa ophunzirawo munali wina womutcha Mphenzi, chifukwa ankasoka ngati akuthawa mvula. Iyeyu kachipindako ankakalambalala ngati khomo la apongozi.

"Ine ndinabwera kudzasoka anthu, amayi, osati kumata machubu a njinga," anatero tsiku lina.

"Chubu chilibe maliro, adokotala. Sokani kamodzi kokha, ndikusainireni."

Mphenzi anasoka ali chiimire, chikwama chili kumsana. Pampu itayatsidwa, pamsoko sipanatuluke ngakhale kadontho.

"Mwaona? Pouma ngati pakhosi pa mlaliki!"

"Kuuma paumadi," anayankha Mayi Kapu. "Nanga m'kapumo?"

Kapu inali gwaa, yopanda kanthu. Mayiwo anang'amba kapaipiko ndi lumo n'kumuonetsa: singano inali itatola khoma lakumbuyo n'kulisokera kumodzi ndi lakutsogolo. Pamsoko sipankadontha chifukwa sipankadutsa kanthu.

"Ukanakhala mkono wa munthu uwu, mawa tikanaudula."

Sanasaine. Kuwonjezera apo anakauza mkulu wa madokotala, amene anamuletsa Mphenzi kulowa ku fiyeta kwa milungu itatu. Mphenzi anatupa ngati finye. Kumbali ankawatcha mfiti ya labala, moni n'kumawapatsa wa m'mphuno. Koma akanapita kuti? Anakhala pampando, n'kusoka timapaipi mpaka zala zinaphunzira kutukula mlomo wa paipi ndi kusuzumira kumbuyo asanakoke ulusi. Madzi atayamba kufika m'kapu, Mayi Kapu anasaina.

Patapita miyezi, m'mawa wina anthu anabwera ndi kalipentala amene sowo inamudula mtsempha wa pamkono. Dzanja linali litazizira, zala zitatuwa. Mkazi wake anagwira Mphenzi malaya pakhomo la fiyeta.

"Adokotala, dzanja limeneli ndi limene timadyera."

Mkulu uja anaima pambali. "Soka ndiwe, ine ndikuona."

Pa msoko wachisanu, zala za Mphenzi zinatukula mlomo wa mtsempha mwa chizolowezi. Apo anaona kuti nsonga ya singano inali itatola khoma lakumbuyo. Anaibweza pang'onopang'ono, n'kulasanso bwino. Atamasula chopanira mtsempha, pamsoko panali pouma, koma iye sanadzitame.

"Asisitala, tagwirani padzanjapo. M'kapu mukufika kanthu?"

"Mtsempha ukugunda, adokotala. Zala zikufunda."

Masana omwewo Mphenzi anagogoda pa kachipinda kaja atanyamula kapu yatsopano yamaluwamaluwa.

"Iyi ndi yomwera tiyi, amayi. Musathiremo madzi ofiira aja."

Mayi Kapu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi si adokotala aja okana machubu a njinga?"

"Ndi omwewo. Kuli kalipentala m'wodimu akugwedeza zala zonse zisanu. Akuthokoza ine, ndiye ndati zikomoyu ndimubweretse kwa mwini wake."

"Ikani apo. Ndipo poti mwabwera, khalani pansi musoke kamodzi."

Mphenzi anaseka, n'kuvula chikwama, n'kukoka mpando. Khutu linkawawabe, koma tsopano ankadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi.