Dzina Limene Keziya Anatchula

"Nanga mwana akalira mumamuyimbira nyimbo yanji?"

"Sindimuyimbira. Ndimatsegula wayilesi."

"Wayilesi ili ndi msana?"

Amayi amene anali pamzere wa sikelo ku Lupembe anaseka mpaka makanda kudzidzimuka kumbuyo. Wofunsayo anali Eliness, mayi wa ana asanu. Woyankhayo anali mnzake woyandikana naye nyumba, Keziya, mkazi wa Zebedee, kalaliki wa pamsika wa mpunga. Keziya sanaseke. Anali ndi mwana mmodzi yekha, ndipo anali atamukonzera kale njira.

Zinali zaka zija boma litangochotsa Chitumbuka pawayilesi ndi m'sukulu, n'kusiya Chichewa ndi Chingerezi. Keziya anaona patali. Ngati Chitumbuka chagwa, Chinkhonde chawo chikanaima ndi mwendo uti? Mayeso salembedwa m'chilankhulo chokamira ng'ombe. Choncho anapalana ubwenzi ndi Chrissie, namwino wochokera ku Ntcheu, amene anam'patsa buku la kaleredwe ka ana. Bukulo analikuta ndi nsalu ngati Baibulo, ndipo iye mwini anasanduka mlangizi wa mudzi wonse.

"Muyambe ndi kabuku ka zilembo ka kumishoni, ka nyama kabwere pambuyo," ankatero. "Pulogalamu ya ana isamakupiteni. Mabatire akafooka muziwayanika padzuwa. Ndipo pamaso pa mwana, Chinkhonde muzichimeza."

Malangizo onsewa ankawapereka m'Chinkhonde chakupsa, poti amayiwo akanamumva bwanji.

Zebedee anayesapo kamodzi. "Amake Ambokile, mwanayu adzacheza bwanji ndi azakhali ake?"

"Dzina lake ndi Reginald. Ndipo azakhali ake salemba anthu ntchito."

Keziya anamanga mpanda wa bango kuti ana a Eliness asamalowe. Koma chilankhulo chili ngati utsi, mpanda suchitchinga. Tsiku lina Keziya anamva mwana wake akukalipira ng'ombe ya eni m'Chinkhonde chosalala ngati cha agogo ake. Mwezi womwewo Chrissie ankasamutsidwa kubwerera kwawo, ndipo Keziya anamupempha kuti apite naye mwanayo akayambe sukulu ku Ntcheu. Anamulongedzera malaya ndi timabuku take tonse. Basi itanyamuka, anakalirira kuseri kwa nthochi, kumene kunalibe womufunsa ngati bukulo limalola.

Njirayo inagwira ntchito, ndipo chopweteka chake n'chomwecho. Reginald anakhoza mayeso onse, anapeza ntchito ya muofesi ku Blantyre, anakwatira komweko. Patchuthi ankabwera ngati mlendo wolemekezeka, n'kupereka moni wa Chinkhonde umene anauloweza, kenako n'kukhala chete anthu akamuyankha. Ndi mayi ake ankacheza m'Chichewa, ndipo Keziya ankakweza mawu kuti a kuseri kwa mpanda amve. Zebedee anamwalira asanasekepo nthabwala imodzi ndi mwana wake m'chilankhulo cha makolo ake.

Keziya anakalamba akulangizabe. Mmawa wina anagwa m'munda wa chinangwa, mbali yakumanja n'kufa. Atatsitsimuka kuchipatala anafuna kupempha madzi m'Chichewa, monga ankachitira nthawi zonse pamaso pa anamwino, koma mawuwo sanabwere. Anawafunafuna m'mutu monse. Chichewa chinali chitachoka ngati chitenje chobwereka mwini akachiitanitsa. Chimene chinatsala ndi chimene anayamwa. Kuchipatala anati izi zimachitika, ndipo anamubweza kunyumba. Womutembenuza pamphasa ndi kumumwetsa phala anali Eliness.

Reginald anafika masana ena, fumbi la ulendo lili m'tsitsi. Anabwera ndi nkhani: mkazi wake anali atachira, mwana wamkazi, ndipo khandalo linali lisanatchulidwe dzina. Popeza bambo a Reginald kunalibe, dzina linayenera kuchokera kwa gogo wake wa khandalo, Keziya. Anapeza chipinda chodzaza ndi amayi a mpingo.

"Pepani amayi, tatulukani pang'ono. Wodwala amafuna mpweya."

"Bambo, ine nditsale," anatero Eliness m'Chichewa chake chopunduka. "Ndizikuuzani zimene akunena."

"Buku lija la amayi limatero, chipinda cha wodwala chisadzaze. Amayi anga ndimvana nawo ndekha."

Eliness anayang'ana mnzake pamphasapo, n'kutuluka ndi enawo kukakhala pansi pa mango.

Reginald anagwada, nafotokoza za khandalo pang'onopang'ono, akusonyeza ndi manja ngati wanyamula mwana. Keziya anamva. Dzina anali nalo kale, analisunga kuyambira tsiku la ukwati wa Reginald. Linali dzina la Chinkhonde, la mtundu uja umene umamveka ngati mawu wamba a m'macheza. Anagwira mkono wa mwana wake ndi dzanja lamoyo lija, nayamba kulankhula m'Chinkhonde. Ananena za mayi ake omubereka, za nyimbo imene ankamuyimbira popeta mpunga, nyimbo imene iye anamumana mwana wake. Kenako anatchula dzinalo, nalibwereza, nalibwerezanso.

"Inde, amayi," Reginald ankatero, akugwedeza mutu. "Inde."

Keziya anakudziwa kugwedeza kumeneko. Ndi mmene iye ankagwedezera masiku oyamba Chrissie akamuwerengera bukulo, asakumva kanthu. Anayesa kuloza kukhomo kuti aitane Eliness, koma mwanayo anaganiza kuti akumva kuzizira, ndipo anadzuka n'kukatseka chitseko bwinobwino.

Pamene Reginald anagonja n'kuitana amayi aja, lilime la Keziya linali litagona. Maso okha ndi amene ankayendabe, kuchoka pa Eliness kupita pa mwanayo. Sanalankhulenso mpaka anamuika pambali pa Zebedee.

Anthu asanabalalike pamaliro, Reginald anapita pamene panakhala Eliness ndi anzake. Anagwada, nayesa kubwereza zimene makutu ake anatola. Zinatuluka zidutswa zopanda mutu, ngati wayilesi ya mabatire ofooka. Amayiwo anamupempha abwereze. Anabwereza, ndipo ulendo uno zinamveka mosiyana. Palibe anaseka.

Pa miyambi yonse ya Achewa imene Keziya anaitola pawayilesi, panali umodzi umene ankaukonda polangiza anzake, ndipo sunamunamize. Unakwanira pa mwana wake, unakwaniranso pa lilime lake lomwe: m'mera mpoyamba.

Reginald anayang'ana Eliness, amene anali ataweramira m'chitenje chake.

"Mayi, ndiye mwana wanga dzina lake ndani?"