Ntchuwa ya Nguluwe M'tsala la Nasakhwi

Kalekale, ana inu, senderani kuno, nanunso akuluakulu musayese kugona, kutsidya kwa dambo lina kunali banja la a Sakhwi. Sakhwi mukumudziwa: kanyama konga mbewa, kamphuno kakatali, miyendo ngati tizitsotso. Bambo anali a Sakhwi, mayi anali Nasakhwi, ana anali anayi, woyamba dzina lake Kamphuno.

Banja limeneli linali ndi chizolowezi chake. Akaweruka kumunda, akasamba, ankakhala pamthunzi wa nkhokwe n'kuyamba ntchuwa. Timaenje tawo anakumba pansi pomwepo, mizere inayi. Koma sankasewera ndi miyala ngati ife. Ankasewera ndi nzama zambewu, chifukwa Nasakhwi ankati nzama zikamagwiridwa tsiku ndi tsiku anankafumbwe sazilowa. Mwana ankalimbana ndi bambo ake, wopambana n'kukumana ndi mayi. Ndipo paja mukudziwa, pa ntchuwa ukalanda za mnzako umati wadya. Choncho dzuwa likapendeka, pakhomopo pankangomveka, "Ndadya!" Wina uko, "Ndadyanso!" Kenaka onse phwete, kuseka.

Tsidya lino kunali Nguluwe. Chimunthu chachikulu, chimimba chokwakwa pansi, nkhokwe ziwiri, dzenje la mbatata lodzaza tho. Koma pakhomo pake panali zii. Ana akati, "Bambo, tisewereko," iye ankati, "Kusewera kumakhutitsa? Chokani apa!" Mkazi wake akati ayambe nkhani, iye ali mkonono.

Tsiku lina, mwezi wotentha uja mvula ili pafupi, Nguluwe ankadutsa kuseri kwa mpanda wa a Sakhwi. Anangomva, "Ndadya!" Anaima nji. Makutu tcheru. Anamvanso, "Ndadyanso!"

"Tianthu iti tikudya chiyani chosatha?" anatero Nguluwe, dovu lili chuchuchu. "Odi! Odi kuno!"

"Fikani, a Nguluwe," anayankha Nasakhwi, akuyala kamkeka. "Mwatipeza tikusewera."

"Ndamva zoti mukudya. Ndiphunzitseni."

Mlendo sakanizidwa masewera. Nasakhwi anamuonetsa motapira nzama m'dzenje, mogwetsera imodziimodzi, ndi mbali yoyendera. Kenaka, mwaulemu wake, anamusiyira dala mpata.

"Apa ndiye mwadya, a Nguluwe."

"Ndadya?"

"Ee, mwadya."

Lilime lapu! Kukutu, kukutu, kukutu. Nzama zisanu zapita.

"Ayi, bambo!" anafuula a Sakhwi. "Sitidya ndi pakamwa. Timangonena chabe. Imeneyo ndi mbewu yathu!"

"Kudya n'kudya," anatero Nguluwe. "Wagwira, wadya, n'zake. Lamulo ndi limenelo, ndaliika ine."

M'mawa mwake anabweranso. Mkuja wake anabweranso. Akadya, kukutu kukutu. Akadyedwa, ankati, "Taimani ndilaweko ngati zanuzo zili bwino," kukutu kukutu. Chipanda cha nzama chimene chinali chodzaza chinafika pakati, kumwamba mitambo itayamba kale kusonkhana.

A Sakhwi anaitana akazi awo kuseri kwa nyumba. "Amayi ake a Kamphuno, tikwirire timaenjeti. Nzama tibise kudenga. Akabwera timuuze kuti masewera tinaleka. Mvula ikagwa tidzala chiyani?"

Ana anamva.

"Bambo ake a Kamphuno," anatero Nasakhwi, "ntchuwa iyi anandiphunzitsa ndi mayi anga, ine ndaphunzitsa ana anga. Lero ndiikwirire chifukwa cha mimba ya munthu wina? Ayi. Mbewu sititaya, masewera sitileka."

Anatsikira kumtsinje, natola timiyala tozungulira, tofiirira, tofanana ndi nzama. Nguluwe atafika, anasewera, anagwira zitatu, lilime lapu!

Gwa!

"Mayo ine! Dzino langa!" Nguluwe analumpha, kuzungulira bwalo katatu, chibwano ali gwi. Atabwerera maso anali psu. "Mwandipusitsa, eti? Mverani. Mawa ndikapezanso miyala, nkhokwe iyi ndiigwetsa ndi mphuno, nzama ndidya ndi chipanda chomwe!"

Atachoka, a Sakhwi anapukusa mutu. "Ndinanena ine."

"Munanenadi," anatero Nasakhwi. "Koma ine sindinathe."

Kutacha anamanga chitenje chake zolimba, nawoloka dambo. Anapeza Nguluwe akuothera dzuwa, tsaya litatupa. Anagwada patali, naomba m'manja.

"Pepani za dzulo, bambo. Koma ndabwera ndi nkhani yondivuta kunena. Anthu akukusekani."

"Akundiseka? Ndani?"

"Onse odutsa. Akuti munthu wamkulu ngati a Nguluwe n'kumakhala chogwada pa timaenje ta ana, kutola tinzama imodziimodzi ngati nkhuku? Akuti akuluakulu enieni amasewera ntchuwa yaikulu, dzenje lililonse ngati mtondo, m'malo mwa nzama n'kuikamo mbatata."

Nguluwe anadzuka. "Mbatata? Ndipo wogwira amadya?"

"Lamulo ndi lanu lomwe lija."

"Nanga malo ake?"

"Tili ndi tsala kumunsi kwa thanthwe. Koma n'lolimba, bambo, ladzaza nansongole. Amuna anga athyolerapo mipini iwiri. Kaya ngati mungathe."

"Ine osatha?" anabangula Nguluwe. "Tiye!"

Anafika patsalapo. Nguluwe anazika mphuno pansi. Phuku, phuku, phuku! Nansongole ankauluka ndi mizu yomwe. Pasanapite nthawi mzere woyamba unatha.

Nasakhwi anakwera pachulu, natsinzina diso limodzi. "Aa, mphamvu ndiye muli nazo. Koma mzerewu wakhota. Anthu adzati a Nguluwe ndi amaso opingasa. Kwirirani, muyambire apa."

Phuku, phuku, phuku!

"Uwu ndiye wawongoka, koma wayandikana kwambiri ndi mnzake. Kwirirani, muyambire apo."

Phuku, phuku, phuku!

Anakumba, anakwirira. Anakumba, anakwirira. Dzuwa linafika paliwombo, thukuta lili kamukamu. Pamene Nasakhwi ankati, "Eya, iyi ndiye ntchuwa," tsala lonse linali litatembenuzidwa kuyambira kuchulu mpaka kuthanthwe, dothi lili wofuwofu, udzu ngakhale umodzi osaoneka.

"Bweretsa mbatata tsono," anatero Nguluwe, ali wefuwefu.

"Ine, bambo? Kwathu kuja ntchuwa inali yathu, nzama tinkatulutsa ife. Iyi mwakumba nokha. Ndi ntchuwa ya a Nguluwe, dziko lonse lidziwa. Kodi pa ntchuwa ya munthu wamkulu pangaikidwe mbatata za mmphawi?"

Nguluwe anaganiza. Anati mumtima, mbatata ndi zanga, ndizibweretsa, ndizigwira zonse, ndizidya pamaso pa anthu, iwo akundiombera m'manja. Choipa n'chiyani pamenepa?

"Chinanso," anatero Nasakhwi, "maenje atalikirana. Munthu mmodzi sangathe. Ntchuwa yaikulu imaseweredwa banja ndi banja. Inu ndi anu, ine ndi anga."

"Tiana tako tija? Mbatata imodzi ikuposa iwe wemwe!" Nguluwe anaseka mpaka dzino linamukumbutsa.

M'mawa mwake mbiri inali itawanda. Kunabwera Njiri, kunabwera Nyani ndi akazi ake, a Nkhanga anandanda pachulu. Nguluwe anafika patsogolo, pambuyo mkazi wake atasenza dengu, ana asanu atasenza awo. Mbatata zinathiridwa m'maenje onse, mbali iyi ndi mbali iyo.

Anayamba a Sakhwi. Zoonadi, mbatata imodzi inali yaikulu kuposa Nasakhwi. Koma mayi uja anangoloza dzenje ndi mphuno. Bambo anatsikira m'dzenjemo, naika phewa. Kamphuno ndi mng'ono wake anakoka, ena awiri anakankha, akuimba:

"Kankha, kankha, mwana wa mayi,
ikalemera tiigubuduza!"

Gubudu, gubudu, khu! Mbatata m'dzenje lotsatira. Anabwerera, natenga ina. Gubudu, gubudu, khu! Fumbi linkalowa m'maso, koma panalibe wofunsa kuti ndipite kuti. Aliyense ankadziwa maganizo a mnzake, poti anasewera limodzi kuyambira ali kumsana.

"Tadya," anatero Nasakhwi. Ndipo zimene anagwirazo anazigubuduzira m'kaphanga ka pansi pa thanthwe.

Inafika nthawi ya Nguluwe, nayamba kulamula ana ake. "Iwe! Tapa za m'dzenje ilo!"

"Ine, bambo?"

"Ayi, winayo! Wamizereyo!"

"Tonse tili ndi mizere, bambo."

"Anawa ali ndi mayina," anatero mkazi wake chapansipansi.

"Ndikudziwa! Iwe, dzina lako ndani?"

A Nkhanga anagwa pachulu ndi phwete. Nyani anagwira nthiti. Mwana uja anatapa mbatata n'kuthamangira kumanzere, pomwe masewera amapita kumanja. Wina anagwetsa zitatu m'dzenje limodzi. Wamng'ono kwambiri anakhala m'dzenje n'kuyamba kudya za mbali yawo yomwe.

"Usadye zathu, chitsiru iwe!"

"Nanga si munati kudya n'kudya, bambo?"

Nguluwe anakalipa uku, anakalipa uko. Akakalipa, ana balala. Akawasonkhanitsa, waiwala dzenje limene anayambira. Mkazi wake anati, "Bambo, mukadayamba ndi ili lakumapetoli." Iye anati, "Khala chete, ukudziwa chiyani iwe?" Anayamba ndi lina, nagwera pa dzenje lopanda kanthu.

Gubudu, gubudu, khu! "Tadya."

Gubudu, gubudu, khu! "Tadyanso."

Dzuwa linapendeka. A Sakhwi phewa linasupuka. Kamphuno anati, "Mayi, mikono yatha." Nasakhwi anamupukuta kumaso ndi chitenje, nati, "Yanganso yatha, mwanangu. Kankha ndi mutu." Anakankha ndi mitu. Ndipo mthunzi wa thanthwe usanafike pachulu, maenje a Nguluwe anali mbee, opanda ngakhale khoko.

Nguluwe anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Taimani. Tinkangosewera. Kudya kwa pa ntchuwa n'kongonena chabe. Bwezani mbatata zanga!"

"Wagwira, wadya, n'zake," anatero Nasakhwi. "Lamulo munaika ndinu, bambo. Kapena ndikunama, anthuni?"

"Sukunama!" anayankha onse.

Pamenepo Nguluwe anafwenthera, natukula mchira, nathamangira kuthanthwe. Analowetsa mphuno m'kaphanga kaja. Inalowa. Anakankha mutu. Unalowa. Makutu analowa. Mapewa anakana. Anati abwerere m'mbuyo, mano ake aatali anakola mwala. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Mbatata akuzinunkhiza pafupi pomwepo, lilime osafikako.

"Mkazi wanga! Ndikoke!" mawu ankamveka ngati ochokera mumtsuko.

Mkazi uja anayang'ana mwamuna wake, miyendo ili piringupiringu m'fumbi. Anayang'ana ana ake. Kenaka anakhala pansi pafupi ndi Nasakhwi.

"Amayi, pajatu ndinati ayambe ndi dzenje lakumapeto. Kodi ndinalakwa?"

"Simunalakwe. Mukadayamba ndi limenelo mukadatidya zisanu ndi ziwiri."

"Ndinadziwa ine! Tandiphunzitsani bwinobwino."

Anakumba timaenje pomwepo, pafupi ndi mchira wa Nguluwe, natola miyala. Ana a Nguluwe anakhala mbali iyi, ana a Sakhwi mbali iyo. Mkazi wa Nguluwe atagwira koyamba anakuwa, "Ndadya!" naseka mokweza, ana ake mpaka kudabwa, chifukwa anali asanaonepo mano a mayi awo.

"Ndikokeni, anthu inu! Khosi latha!"

"Tikumaliza kaye, bambo," anatero mkazi wake. "Mwana, ndi nthawi yako."

Atamaliza masewera atatu, Nasakhwi anapita pafupi ndi thanthwe. "A Nguluwe, tikukokani. Koma nenani, anthu amve: mbatata n'zayani?"

"N'zako!"

"Nanga pakhomo panga mudzapondanso?"

"Sindidzaponda!"

Njiri anagwira mwendo uwu, Nyani mwendo uwo, mkazi ndi ana anagwira mchira. Kokani! Kokani! Phu! Nguluwe anatuluka chagada, makutu atasupuka, nathawa osatsazika.

Nasakhwi anagawa mbatata pawiri. Mulu umodzi anaika m'dengu la mkazi wa Nguluwe. "Izi n'za ana. Mukawapatse ndi dzanja lanu." Mulu winawo unadyetsa banja lake mpaka zokolola. Patapita masiku awiri mvula inagwa, ndipo nzama zotsala zija anazidzala m'munda wofewa umene khasu lawo silinaukhudze.

Kwa Nguluwe nakonso masewera anayamba. Mayi ndi ana ankakhala pakhonde ndi miyala yawo, phokoso mpaka kumsewu. Bambo akati akhale nawo, ankamuuza kuti, "Kaphunzireni kaye." Ndiye mpaka lero akuphunzirabe. Mukadzapeza m'munda mwanu maenje okumbidwa uku ndi uku, mizere yokhotakhota, chinangwa chitadyedwa, dziwani kuti ndi iyeyo. Amakumba ntchuwa yake yekhayekha, koma zosewerera amazimaliza masewera asanayambe.

Nthano yanga yafika pothera, ndaitula pano. Inu ana, mawa mukaitane akuluakulu anu pamkeka. Ndipo inu abambo mukuyang'ana kumbaliwo, tsiku lina khalaniko pansi musewere nawo, mungadzafunse mwana wanu dzina anthu akumva.