Njati pa Mpando wa Kumbuyo

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu nomwe, m'chaka chimene mtsinje wa Nkhande unaphwa, mwezi wa Okutobala, Njati analanda chitsime chokhacho chimene chinatsala ndi madzi. Nyama iliyonse yofuna kumwa inkayenera kupereka dzungu ndi kuwerama katatu. Wopanda dzungu ankabwerera ndi ludzu lake.

Pofika tsiku la khumi ndi chiwiri, maungu a Bilimankhwe anali atatha, ana ake atafooka ndi ludzu. Lachitatu lotsatira iye anapita ku tauni, nakabwereka galimoto kwa mlamu wake. Inali yofiira psuu, yonyezimira, ya zitseko ziwiri zokha, denga lake lotsetsereka kumbuyo ngati msana wa fisi. Anaiimika pakhomo pa Njati.

"Iwe wamaso ozungulira, galimoto imeneyi ndi ya yani?" anafunsa Njati, dovu likuchucha.

"Ndi ya amene angayenerane nayo, bwana."

"Ndiye kuti ndi yanga. Choka, ndiyendetse."

"Ha! Bwana kuyendetsa okha? Ku tauni olemekezeka amakhala kumbuyo. Kutsogolo n'kwa ife antchito."

"Zimenezo ndimazidziwa," anatero Njati. "Ndimangokuyesa."

Bilimankhwe anapinda mpando wa kutsogolo. Njati analowetsa mutu, nalowetsa mapewa, nalowetsa mimba ya maungu aja. Mpando unabwerera pamalo pake, kha! Nyanga zinakakamira kudenga, mphuno inali pakati pa mawondo.

"Denga ili latsika chonchi bwanji?"

"Ndiko kukongola kwake, bwana. Amene ali panja akukusirirani."

Galimoto inanyamuka mwa mayendedwe a mwini chiwongolero, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono. Diso limodzi la Bilimankhwe linali pamsewu, linalo pa Njati. Dzenje lililonse analilowa mosamala, osaphonya ngakhale limodzi. Gu! Nyanga kudenga. Gu! Mphuno pabondo.

Anaima pachitsime dzuwa lili paliwombo. Nyama zinasonkhana, zinasuzumira pawindo, ndipo zinaona Njati ali chiweramire.

"Zikomo, bwana, mwatilemekeza mokwanira," anatero Chule, akuwomba m'manja. "Ife tinkawerama katatu kokha. Dzukani tsopano."

Phwete la kuseka linabuka.

"Tsegula chitseko!" anabangula Njati.

"Kumbuyoko kulibe chitseko, bwana. Potulukira mpamene munalowera, ndipo kachitsulo kopindira mpando simungakafikire. Ine ndikanakatukula, koma manja afooka ndi ludzu. Ana anganso sanamwe."

"Imwani msanga!"

"Lero lokha, bwana, kapena masiku onse?"

Galimoto inali itatentha ngati ng'anjo, khosi la Njati likuwawa, thukuta lili kamukamu. Nyama zinamwa, zinasamba, zina zinamwanso kachiwiri. Bilimankhwe anamwetsa ana ake mmodzimmodzi, ndipo analipo asanu ndi awiri.

"Masiku onse," linamveka liwu kuchokera pakati pa mawondo.

Mboni za mawu amenewa zinali Chule, Njiri ndi Nungu. Mpando unapindidwa, Njati anatuluka chambuyo, nalowa m'tchire osatsanzika. Khosi lake silinawongokenso. Mpaka lero amayenda mutu uli pansi.

Nthano yanga yaimika matayala pomwepa. Inu amene mukusunga khumbo la galimoto yowala, musanaitamande muli panja, yambani mwakhala kumbuyo kwake ndi chipewa kumutu.