Nguluwe ndi Pampu Yake Yatsopano

Kalekale, nyama zisanasiye kugwira khasu... Senderani kuno ana inu, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kuodzera.

M'mphepete mwa dambo munali dimba limodzi la nyama zonse za m'deralo. Aliyense anali ndi bedi lake, koma chitsime chinali chimodzi. M'chitsimemo munkakhala Chule ndi ana ake makumi anayi, onse ambululu: mutu ndi mchira basi, miyendo isanamere.

Bedi lalikulu linali la Nguluwe. Mimba yaikulu inalinso ya Nguluwe. M'mawa uliwonse ankazungulira dimba lonse. Apa mpiru wa mnzake, kwapu. Apo chimanga cha mnzake, kukutu. Ukamufunsa, ankati, "Sindikudya ayi, ndikungolawa." Ankalawa, ankalawa, mpaka dzuwa kufika pamutu.

Chaka china kunagwa mbozi. Zinalowa m'chimanga, zinalowa mu mpiru, zonenepa ngati zala za mwana wakhanda. Nguluwe anakwiya kwambiri, poti kulawa inali ntchito yake yekha. Anapita kutauni, n'kubwera atabereka pampu yatsopano kumsana, m'manja muli botolo la mankhwala. Pabotolopo panali chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa.

Chule anayang'ana chithunzicho. "Nanga ameneyu ndani, a Nguluwe?"

"Mwini kampani," anatero Nguluwe. "Anaonda ndi ntchito. Mverani nonse. Loweruka ndipopera dimba lonse, bedi langa ndi anu omwe. Kusitolo anati chitsekerero chimodzi, koma ine ndithira zisanu, mbozi zidziwe kuti kuno kuli amuna. Ndikatha ndidzatsukira pampu m'chitsimemu."

"M'chitsimemu muli ana anga."

"Asamuke."

"Asamuka ndi chiyani, alamu? Miyendo imera pakatha masiku khumi."

"Ndiye awauze miyendoyo ifulumire." Nguluwe anaseka, mimba ikugwedezeka gwedegwede.

Chule anayesa kudandaula. Anati phulusa lilipo, tithire pamtima pa chimanga. Anati tsabola alipo, tisinje tiwaze pamasamba. Anati ngakhale lilime langali limagwira ntchito ulere. Nguluwe anangokanda khutu. "Zaphulusa ndi za amphawi. Munthu wa pampu sathira phulusa."

Linali Lachitatu. Chule anamira m'madzi, n'kuyang'ana ana ake akupikisana michira, osadziwa kanthu. Anaganiza, anaganiza. Kenako anavuuka, maso ali tong'o, n'kupita kwa Nkhanga.

Nkhanga ameneyu ndiye anali wophunzira wa m'dimbamo. Sukulu sanalowemo, koma anatola nyenyeswa pansi pa zenera la Sitandade 3 kwa zaka ziwiri, ndiye zilembo zinkamudziwa. Mawa lake awiriwa anapeza Nguluwe ali mkati molawa tomato wa Fulu.

"A Nguluwe," anatero Chule, "ine ndagonja. Poperani. Koma munthu wamkulu ngati inu satsegula botolo popanda mwambo. A Nkhanga atiwerengere kaye zapapepalapo, anthu amve kulemera kwa katundu wanu."

Nguluwe anatukumuka, n'kupereka botolo. Nkhanga anapendeka mutu, diso limodzi papepala. Anawerenga mogomera, chilembo chimodzichimodzi. "Mu-ka-po-pe-ra... mu-sa-dye... m-pa-ka ma-sa-ba-ta a-wi-ri."

Tomato anaima pakhosi pa Nguluwe. "Musadye chiyani?"

"Chilichonse chopoperedwa."

"Kulawa kokha?"

Nkhanga anayang'ananso ndi diso linalo. "Zolawa sanalembe. Koma mwini kampaniyu akuoneka kuti analawa."

Nguluwe anakhala pansi, phwata. Masabata awiri. Masiku khumi ndi anayi opanda mpiru. Mimba yake inalira yokha, kulululu, ngati yamva uthenga wa maliro.

Chule anapukusa mutu mwachisoni. "Pepani alamu. Akanakugulitsani mankhwala a mabwana aja, bwenzi zonsezi kulibe."

"A mabwana ati?"

"Aja opopera m'mawa, masana n'kudya. Ena mpaka amanyambita pamasamba pomwepo. Koma amenewo sapatsa aliyense. Mwina anakuonani ngati wongoyamba kumene."

"Ine wongoyamba kumene? Nena msanga, iwe make mbululu. Amawatchula chiyani?"

Chule anasendera kukhutu kwake, n'kunong'ona. "Usipa. Mukabweze botolo limeneli, akupatseni usipa wodzaza beseni. Muwiritse mumphika waukulu, musefe msuzi, uzizire, muthire m'pampu. Kashuga pang'ono, kuti ukhale wamphamvu."

"Nanga usipa wotsala m'sefa?"

"Umenewo amataya. Kapena mwini pampu amaona chochita."

Nguluwe sanatsanzike n'komwe. Fumbi lokha, kobo. Pofika Lachisanu botolo linali litabwerera pashelefu ya kutauni, beseni la usipa lili m'dimba.

Tsono chimene Chule sananene ndi ichi. Msuzi wa usipa supha mbozi. Umangoitana eni ntchito. Nyerere zikamva fungo lake zimabwera ndi mtundu wonse, ndipo zikapeza mbozi pamenepo zimati ndiwo yawonjezeka.

Loweruka m'mamawa mphika unali pamoto, bwatabwata. Nguluwe analawa kuti aone ngati mankhwala apsa. Analawanso kuti aone ngati kulawa koyamba kunali koona. Usipa wa m'sefa anaona nawo chochita. Msuzi wotsala anathira m'pampu, n'kubereka, n'kuyamba: tswii, tswii, tswii. Bedi lake, tswii. La Fulu, tswii. La Nkhanga, tswii. Pakatipakati ankalozetsa kampope kukamwa kwake, tswii, ati kuyesa ngati sikanatsekeke. Chivundikiro cha pampu anaiwala kumanga, ndiye msuzi unkayenderera kumsana, m'khwapa, mpaka kumchira.

Dzuwa litafika pamutu, anatula pampu, n'kugona pakati pa mizere ya chimanga. Mkonono, khooo, khooo.

Nyerere yoyamba inafika, inanunkhiza, inabwerera. Inakauza azakhali ake. Azakhali anauza mudzi. Posakhalitsa dimba lonse linali bii, mizere ya nyerere ikukwera mapesi, ikutsika itasenza mbozi ngati anthu ochokera kuchigayo. Chule anali pamphepete pa chitsime, akuonerera, kukamwa kukukana kutsekeka.

Kenako nyerere ina yamphuno yakuthwa inati, "Anzanga, usipa weniweni uli apa. Waukulu ngati chulu, ndipo ukupuma."

Zinamukwera. M'makutu, m'mphuno, m'khwapa, ndi kwina kumene sindingatchule pali apongozi. Zinadikira kaye kuti zonse zifike. Ndiye zinaluma pamodzi.

Nguluwe anadumpha osadzuka. Ena amati anafika msinkhu wa mtengo wa mango, koma ine sindikonda kukokomeza. Anangopitirira nthochi pang'ono. Potera, analunjika kuchitsime, liwiro lili gudugudu. Chimphona chimenecho chikanagwera m'chitsime, ana a Chule akanasanduka phala.

Chule anadumphira panjira. "Kumadzi ayi, alamu! Nyererezi zimasambira. Kumatope, uko kudambo. M'matope zimasochera."

Nguluwe anakhota osafunsa, n'kudziponya m'thope, thapwa. Anagubuduka, anagubuduka, mpaka kunatsala maso okha. Chule anafika pang'onopang'ono, n'kukhala pamwala.

"Iwe Chule," anatero Nguluwe, thope likutuluka m'mphuno, "mankhwala ako aja ali ndi mano."

"Ndiye mphamvu yakeyo. Inu wamkulu chonchi mwaimva, nanga mbozi?"

Nguluwe anaganiza. Anatuluka m'thope, n'kukayendera dimba. Anasuzumira m'chimanga, mbozi zachepa. Anatembenuza mpiru, mbozi zachepa. Zotsala, Nkhanga anali akutolera, jomphu jomphu, Fulu akubwera pambuyo ndi chigoba cha phulusa. Nguluwe anathyola tsamba, analinunkhiza, analilawa. Linali ndi kamchere ka usipa.

"Nzeru imeneyi," anatero akutafuna, "ndinali nayo kale m'mutu. Iwe unangoitchula."

"N'zoona alamu. Ine ndinangoiona ikusuzumira."

Pampu ija sanaiberekenso. Nyerere zinapezamo kafungo, zinasamukiramo ndi katundu yense, ndipo Nguluwe akaiyandikira msana unkamuyabwa wokha. Masiku khumi atakwana, ana a Chule anatuluka m'chitsime, dumphu dumphu, onse makumi anayi, aliyense ndi miyendo inayi ndi lilime lofuna ntchito. Anagawana mabedi osadikira kuuzidwa. Nguluwe yekha ndiye sanachire: mpaka lero akangomva kanthu kakuyenda pakhungu, amathamangira kuthope kaye, mafunso pambuyo.

Nthano yanga yatsamira pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaione, ine fungo lopserera landipeza kale. Koma mawa mukapita kumsika, musanyoze tsamba lobooka. Kabowo ndi umboni woti wina analawa, ndipo anapita kwawo wamoyo.