Mendulo Yotsala M'kabokosi

Kalekale, m'dziko lina, kunali telala dzina lake Zuze Kamtedza, amene ankasoka majekete a Pulezidenti Kalizang'oma. Mawu a Pulezidentiyu anali lamulo. Womutsutsa ankaolera kundende, womukhudza thupi ankanyongedwa. Chaka chilichonse nduna zinkamuveka mendulo yatsopano, mpaka pachifuwa panatsala malo a imodzi yokha.

Zuze ankayenda chotukumula mapewa, poti jekete losoka iye silinkapendekeka ngakhale linkalemera ngati thumba la mchere. Komabe kulemerako kunkamudetsa nkhawa, choncho kumsana anasokerera kachingwe kobisika koti ukakoka, jekete ligawike pawiri. Anauzako Sajeni Mlongoti yekha, msilikali wolondera Pulezidenti.

Tsiku lomuveka mendulo ina, mwambo unachitikira pa mlatho watsopano. Pulezidenti ataimirira, thabwa la nsanja linathyoka, iye n'kugwera mumtsinje. Mamendulo anamukokera pansi. Nduna zinangoyang'anana, aliyense akuopa lamulo lija.

"Sajeni, kachingwe kali pakhosi kumbuyo!" anakuwa Zuze.

Mlongoti analumphira m'madzi osavula nsapato. Anamira kawiri, kachitatu anapeza kachingweko n'kukoka. Jekete linatsala pansi ndi mamendulo ake onse, iye n'kuvuuka atagwira Pulezidenti m'khwapa.

Pamtunda Pulezidenti sankapuma. M'khamumo munali namwino, mayi Nasibeko, amene mwamuna wake anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri m'ndende pa lamulo la munthu yemweyu. Anaima kanthawi, kenaka anagwada, n'kumudina pachifuwa mpaka anasanza madzi.

Atatsitsimuka n'kumva zimene Zuze, Mlongoti ndi Nasibeko anachita, Pulezidenti anaitanitsa mendulo yotsala m'kabokosi.

"Lero lamulo ligone," anatero. "Iyi sindivala. Ndiveka mmodzi wa inu atatu, ndipo chimene apemphe ndichita."

"Bwana, popanda ulusi wanga, Sajeni akanamira nanu limodzi," anatero Zuze monyada.

"Ulusi sudzikoka wokha, bwana," anayankha Mlongoti. "Ine ndinadumpha ndikudziwa kuti chingwe chondinyongera chikudikira."

Nasibeko anapukuta manja m'chitenje. "Awiriwa anavuula mtembo, bwana. Ndipo iwo ankapulumutsa wowadyetsa."



Tsono inu mwamva zonse. Mendulo ndi imodzi, pempho ndi limodzi. Avale ndani: amene anaganiza ngozi isanabwere, amene anaika khosi lake pachiswe, kapena amene anabwezera mpweya mwa munthu womulanda mwamuna?